Bala liume kaye, ndinaphunzira nditaoletsa zidutswa 6

Lero m'mawa ndakoka pang'ono kachidutswa kamodzi ka kakitasi komwe ndinabzala, ndipo kakana kuzuka. Mizu yagwira! Mtima wakhala pansi tsopano, chifukwa ulendo woyamba ndinataya mwezi wathunthu pachabe.

Ndikunena kakitasi wa m'nyumba uja amati Easter cactus, wochita maluwa nyengo yozizira ikangotha, maluwa ooneka ngati nyenyezi, otseguka masana n'kutseka usiku. Munthu akamva zoti kakitasi amaganiza za chipululu, koma uyu kwawo ndi kunkhalango zachinyontho za kum'mwera chakum'mawa kwa Brazil, komwe amamera panthambi za mitengo. Mizu yake inazolowera mpweya. Ine ndinagwira za chinyontho zokhazo, za mpweya n'kuiwala.

Ndinathyola zidutswa 6, n'kuzibzala nthawi yomweyo m'dothi lolemera, kenako kumathirira tsiku ndi tsiku. Pamwamba zinkaoneka zobiriwira bwinobwino, ndiye ndinkangoti zinthu zikuyenda. M'mawa uliwonse ndili pawindo, kusuzumira ngati pali chatuluka. Sabata yachinayi chimodzi chinangogwa chokha. Nditafukula ndinapeza kunsi kuli bii, kofewa phwatata, kukutuluka timadzi tonunkha. Zonse 6! Ndinakwiya, makamaka poganiza kuti mayi wakeyo, kakitasi wamkuluyo, ndinamusadzula pachabe.

Bala liume kaye. Mukathyola, siyani zidutswazo pambale youma, pamthunzi, masiku 2 kapena 3, mpaka pothyokapo pachite kachikungu. Zidzafota pang'ono, musatekeseke. Bala laliwisi likalowa m'dothi lonyowa, kuola kumayambira pomwepo.

Kathyoledwe ndinayenera kunena poyamba. Dikirani maluwa athe. Gwirani nthambi pamfundo, potozani pang'onopang'ono, imaduka yokha popanda mpeni. Chidutswa chikhale cha timagawo 2 kapena 3. Ndipo kumbukirani mbali yomwe inali kunsi, chifukwa zikasakanikirana pambale mukhoza kubzala chozondoka.

Ulendo wachiwiriwu dothi ndinasakaniza ndi perlite, timiyala toyera topepuka tolowetsa mpweya m'dothi, pafupifupi theka ndi theka, m'kamphika kakang'ono koboola kunsi. Mchenga wokhakhala umagwiranso ntchito. Ndinalowetsa kagawo kakunsi mozama sentimita 1 kapena 2 basi, kungoti kaime. Kamodzi kankangopendekeka, ndinakachirikiza ndi kamtengo. Ndinaika pamalo owala koma posafika dzuwa lamasana, poti limawaula timagawo mpaka kufiirira.

Chovuta kwambiri chinali kugwira dzanja langa lomwe. Ndinkapisa chala m'dothi, likakhala lidakali lonyowa n'kubweza botolo la madzi. Mizu imatenga masabata 3 mpaka 6, ndipo nthawi yonseyo palibe chooneka pamwamba. Musamazule kuti muone, timizu tatsopano timaduka msanga.

Pa zidutswa 5 zomwe ndinabzala, 4 zagwira, ndipo chimodzi chatulutsa kale kagawo kofiirira kunsonga, kochepa ngati chikhadabo cha mwana. Chomwe chinafa ndi chija ndinathyola mochedwa n'kuchibzala pamodzi ndi zinzake chisanaume.