Laputopu ya mayi a ku Khombedza

Sabata yathayi pa shopu yathu yokonza makompyuta ya pa Kamuzu Road ku Salima padutsa makompyuta 11, koma imene yandisowetsa tulo ndi imodzi. Enawo ndi zomwe zija mukuzidziwa anzanga a ntchitoyi: fulashi yodzaza mashotikati, laputopu yozimazima chifukwa fani yatsekeka ndi fumbi la Okutobala, pulinta yokana kukoka pepala. Lolemba lonse linathera pa anthu obwera ndi mantha atamva kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Aliyense akufuna Windows 11, chonsecho makina ambiri kuno ku Salima ndi akaunjika, a Core i3 ndi i5 a m'badwo wachitatu kapena wachinayi, opanda kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0, pomwe 11 imafuna a m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Ndimawauza zoona, kuti Rufus, pulogalamu yokonzera fulashi yoikira Windows, itha kulambalala chotchingacho koma makina a memori ya 4GB ndi disiki yozungulira adzangokwawa. Awiri anavomera Linux Mint m'malo mwa Windows, ena anabwerera ndi 10 yawo.

Lachiwiri m'mawa anandiitana ku Senga Bay, ku malo ena ogona alendo kumene netiweki ya mu ofesi inasokonekera. Pa shopu ndinasiya mnyamata wathu wophunzira ntchito, wazaka 19, amene wakhala nafe miyezi inayi, mwana womvera ndi wamanja abwino. Ndili komweko kunabwera mayi ena achikulire ochokera ku Khombedza, atakulunga laputopu ya HP m'chitenje. Inali ya malemu amuna awo, mphunzitsi wa pulayimale wopuma pantchito amene anatisiya chaka chatha. Inali idakali pa Windows 7, kuyaka kwake kotenga mphindi khumi, ndipo mdzukulu wawo wa fomu 3 ankafuna kumaphunzirirapo. Pempho lawo linali loti izithamangako basi.

Mnyamatayo anaimbira abwana, eni shopu, amene amakhala ku Lilongwe n'kumabwera Loweruka lokha. Iwo anati: "Fomata, usachedwetse kasitomala." Kufomata ndiko kufufuta za pa disiki kuti Windows iikidwe mwatsopano.

Mnyamatayo analowetsa fulashi yathu ya Windows 10, kudina F9, n'kusankha mzere wa UEFI, njira yatsopano yoyatsira kompyuta. Atafika posankha poika Windows makina anakana, akuti disiki inagawidwa m'njira yakale ya MBR ndipo pa UEFI pamafunika yatsopano ya GPT. Munthu wokhalitsa pantchito amangobwerera, kusankha mzere wa legacy, njira yakale, n'kufomata C: yokha, gawo la disiki limene muli Windows. Iye anachita zimene anaona pa YouTube: Shift ndi F10, diskpart, select disk 0, clean, lamulo lochotsa magawo onse a disiki. C: ndi D:, gawo losungiramo mafayilo, zinapitira limodzi. Windows inalowa bwinobwino, anaikamo madalaiva (mapulogalamu oyendetsa zipangizo za kompyuta), Chrome ndi VLC, ndipo nditafika cha m'ma 3 koloko anandilandira nkhope ili ngwee, kuti wamaliza yekha ntchito yake yoyamba.

Mayi aja anali pa benchi pakhonde. Titapatsana moni ndinawayatsira laputopu kuti aone m'mene ikuthamangira. Anayang'anitsitsa sikirini, kenako anaika chala pamalo pabuluu popanda kanthu.

"Mwananga, nanga zithunzi za bambo zili kuti? Zinkakhala apa."

Thupi linazizira ngakhale kunja kunali kukuwotcha. Ndinalowa mkati n'kufunsa mnyamatayo motsitsa mawu ngati anakopera mafayilo. Anandiyang'ana, milomo ikunjenjemera.

"Achimwene, ndikanakopera pati?"

Funso limenelo ndi limene landipsetsa mtima mpaka lero, chifukwa mwanayo sananame. Disiki yakunja ya pa shopu, ya 1TB, inayamba kulira tchetche mu Juni, mu Julayi n'kuferatu. Ndailemba kanayi m'kope la zofunika, ndakumbutsa pa WhatsApp, yankho n'lakuti tiona mwezi wamawa. Batire la UPS, chotisungira moto magetsi akazima, linatupa kalekale. M'miyezi yomweyi kwabwera chikwangwani chowala usiku ndi sipika yaikulu yoimba nyimbo pakhomo. Abwana akabwera Loweruka amawerenga makina amene tafomata, poti imeneyo ndiyo ndalama yachangu, mphindi 40 kasitomala walipira. Kukopera 200GB ya munthu kudzera pa USB 2.0 kumadya maola awiri kapena atatu, ndipo m'buku la ndalama simuoneka kalikonse. Choncho kuyambira Julayi ndakhala ndikuchita kubweretsa disiki yanga ya kunyumba. Lachiwiri limenelo inali m'chikwama changa ku Senga Bay.

Ndinazimitsa laputopu pomwepo, chifukwa mphindi iliyonse imene Windows ili yoyaka imakhala ikulemba pa disiki. Ndinanyonyomala pafupi ndi mayi aja n'kuwauza kuti olakwa ndife, andipatse masiku atatu, ndipo asalipire kalikonse. Anakhala chete kanthawi akupinda chitenje chija.

"Madzi akatayika sawoleka, mwananga, koma yesani. M'menemo muli mbiri ya kwathu imene bambo ankalemba atapuma pantchito, ndi mawu awo akuimbitsa kwaya."

Mwayi wathu unali woti disiki inali ya 500GB yozungulira. Ikanakhala SSD, disiki yamakono yosazungulira, dongosolo lake la TRIM lofufutiratu zochotsedwa likanasesa zonse ndipo sipakanakhala choyesa. Clean simafufuta mafayilo, imangochotsa tebulo losonyeza pamene gawo lililonse layambira ndi pamene lathera. Kuli ngati kuzula zizindikiro za m'malire a munda, mbewu zimatsala chilili kufikira wina atalimapo. Amene analimapo ndi Windows yatsopano ija, 20GB ndi kanthu koyambirira kwa disiki, kumene kunali C: yakale ndi Desktop yake.

Ndinachotsa disiki, kuilumikiza ku laputopu yanga ndi adaputa ya SATA, n'kuyambitsa TestDisk, pulogalamu yosaka magawo otayika. Kusaka kwachangu kunangopeza magawo atsopano. Ndinayambitsa kusaka kozama cha m'ma 5 koloko, ndipo pa 38 peresenti magetsi anazima. Batire langa limasunga ola limodzi ndi theka, silinafike nako kumapeto. Lachitatu ndinayambanso, masana magetsi anapitanso. M'shopu mwathu denga ndi lamalata opanda siling'i, disiki inatentha moti chala sichinkakhalitsapo, ndipo CrystalDiskInfo, pulogalamu yoyeza thanzi la disiki, inaonetsa chikasu cha chenjezo, tizigawo tina ta disikiyo titayamba kale kufa. Apo ndinaona kuti ndikapitiriza kuizunguza chonchi ndiipha ndekha. Ndinafufuta mafilimu ndi mapulogalamu amene ndasonkhanitsa zaka zisanu pa disiki yanga kuti papezeke malo a 500GB, n'kuyamba kujambula chithunzi cha disiki, ndiko kuti kuikopera yonse m'fayilo imodzi, ndi pulogalamu ya ddrescue, imene imasunga kafayilo kokumbukira pamene yalekezera, moti magetsi akazima umangopitiriza. Ndikanayenera kuyambira pamenepo Lachiwiri lomwelo, koma mutu unali utaima. Usiku wa Lachitatu ndinachezera kwa mnansi wanga amene ali ndi sola, laputopu pampando, disiki pa mbale yachitsulo kuti izizizirako, udzudzu ukundimaliza m'miyendo.

Lachinayi cha m'ma 11 koloko TestDisk, ikusaka m'chithunzi cha disikicho, inatulutsa mzere wosonyeza gawo la 315GB. Ndinadina P, mafoda anandandalika ndi maina awo: SUKULU, MPINGO, ANA, MALIRO A AMAYI. D: yonse inali yamoyo. Mnyamata uja anali ataima kumbuyo kwanga, ndinangomva wakhala pansi pa simenti. Kuyambira Lachiwiri nsima sinkapita, mayi ake anachita kundiimbira kufunsa chimene chachitika kuntchito.

C: ndiyo inatilizitsa. Kumeneko kunatsala PhotoRec yokha, pulogalamu yotola mafayilo otayika, ndipo mukudziwa m'mene imatulutsira zinthu, mafayilo zikwizikwi opanda maina, f ndi manambala basi, ambiri tizithunzi ta Windows ndi zinyalala za browser. Tinakhala awiriwiri Lachinayi madzulo ndi Lachisanu m'mawa kutsegula imodziimodzi. Zithunzi zenizeni zinapezeka zambiri ndithu. Za kwaya zinatuluka zitatu zomveka mpaka kumapeto, zina zimayamba n'kudukira panjira. Mafayilo a Word anali oposa 60, ochuluka ake mayeso a sitandade 8 ndi makalata a kumpingo. Mbiri ija tinaipeza imodzi yokha, yakale, ya masamba 23, yothera pakati pa chiganizo chofotokoza m'mene agogo awo anasamukira kuchoka ku Nkhotakota. Panali ina yaikulu imene ndikukhulupirira kuti ndiyo yomaliza, koma fayilo ya Word ya docx ndi zip, yopanikizidwa moti ikaonongeka pakati siitseguka, ndipo pakati pake panali patalembedwa kale zina. Ndinayesa kuisegula m'njira zonse zimene ndimadziwa, osatheka.

Laputopuyo ndinaifomatanso mwadongosolo, C: payokha D: payokha, n'kubwezeretsa mafayilo. Ndinagulanso fulashi ya 64GB ndi ndalama yanga kuti zithunzi, mawu ndi mbiriyo zikhale pawiri, poti disiki ya chikasu ija siyodalirika ndipo ifunika SSD posachedwa.

Anabwera Lachisanu masana ndi mdzukulu uja. Ndinawaikira nyimbo imodzi ya kwaya. Isanayambe pamamveka mawu a bambo akutsokomola, kenako akuti, "Asoprano mwathamanga, tiyambirenso." Mayi aja anagwira pakamwa ndi chitenje, napempha kuti ndibwereze, ndipo ndinabwereza katatu. Pambuyo pake ndinawaonetsa masamba 23 aja. Mdzukulu anawerenga mokweza mpaka pamene padukira.

"Anali atafika pa ukwati wathu," anatero mayiwo. "Ankandiwerengera madzulo. Masamba anapitirira 70."

Ndinasowa chonena. Sanatikalipire, anathokoza ndi manja awiri, n'kuuza mnyamata uja kuti, "Usadandaule mwanawe, ukuphunzira." Ndinawaperekeza mpaka pokwerera minibasi.

Loweruka abwana anafika, ndipo atamva nkhani yonse ananena ziwiri. Choyamba, kuti ndikanawalipiritsa mayiwo chifukwa ku Lilongwe kubweza mafayilo ndi ndalama zambiri. Chachiwiri, kuti mnyamatayo adulidwe malipiro a mwezi uno. Pa zaka zisanu ndi chimodzi zimene ndagwira pa shopuyi sindinawakwezerepo mawu, koma apa ndinalephera kudzigwira.

"Bwana, mwanayu anakuimbirani, inu munamuuza kuti afomate. Tilipiritse bwanji mayi wamasiye pa chinthu chimene tawononga tokha?"

Ndinawatsegulira kope la zofunika, kuwalozera malo anayi amene ndinalemba za disiki, lililonse ndi tsiku lake. Iwo anati katswiri ndine, ndikanamuphunzitsa. Pamenepo pali mbali yanga ndipo ndikuivomera. Ndinamuphunzitsa kukonza fulashi ndi Rufus, kulowa mu BIOS ndi kusaka madalaiva, koma sindinamukhazikepo pansi kumuuza kuti kasitomala akati m'kompyuta mulibe chofunika, umatsegula naye limodzi Desktop, Documents ndi D: kuti aone ndi maso ake. Koma ngakhale ndikanamuuza, tsiku limenelo pa shopu panalibe pokopera, ndipo wopereka lamulo anali pa foni.

Za kudula malipiro azisiya nditanena kuti akadula a mwanayo adulenso anga. Za disiki akuti abwera nayo Loweruka likubwerali, ndipo ndailemba kachisanu m'kope muja iwo akuona. Mawa Lolemba pali makina atatu odikira kufomata. Disiki yanga ndikuisiya m'kabati ya pa shopu, ndipo chithunzi cha disiki ya mayi aja sindichifufuta, ndikufuna ndiyesenso fayilo yaikulu ija ndikapeza usiku wa magetsi.