Sabata imene ng'oma inakangana ndi gitala

Lolemba m'mawa mu studio munalowa anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi, magitala ali kumsana. Pambuyo pawo panali madala ena ochokera ku Mangochi, atanyamula ng'oma ziwiri. Ntchito yanga masiku ambiri ndi kujambula makwaya ndi achinyamata ofuna biti ya pakompyuta, ndiye gulu la rock likabwera ndimayamba ndafunsa chomwe chili m'makutu mwawo.

Woimba gitala anandiyikira Linkin Park, chimbale chija cha 2000 chosakaniza rap ndi magitala olira ngati chigayo. Kenako Rage Against the Machine, kuti ndimve mmene Tom Morello amalizira gitala mpaka kumveka ngati DJ akukanda mbale. Mtsikanayo, yemwe ndiye woimba, anadikira onse amalize n'kuyika Ngozi Family ya ku Zambia.

"Achimwene, tikufuna zonsezi," anatero, "koma pansi pakhale manganje."

Lachiwiri ndi pomwe thukuta linatuluka. Woimba madiramu anazolowera kuwerenga zinayizinayi, pamene manja a madala aja amayenda patatupatatu. Ndinawaveka onse mahedifoni n'kuyatsa kachipangizo kogogoda kosunga liwiro. Sitinafike ndi pakati pomwe. Madala anavula mahedifoni n'kuwaika pansi mwaulemu.

"Mwanawe, kakugogodaka kakundisokoneza. Ng'oma sitiiwerengera."

"Pepani agogo, ndikazimitsa."

Kuzimitsa kameneka kumatanthauza kuti sindingathe kudula ndi kumata zidutswa mosavuta pambuyo pake. Aliyense akalakwitsa, tibwereze kuyambira poyamba. Tinabwereza kambirimbiri. Koma chakumadzulo kunachitika chinthu: wamadiramu anasiya kulimbana nawo, anayamba kumenya mopatula, ndipo mipata yomwe ankasiya inadzazidwa ndi ng'oma. Gitala itabwera pamwamba ndi ukali wake, tsitsi linandiyima. Kwa ine kukoma kwa nyimbo zosakaniza kuli pomwepo, pamene khutu silikudziwa kuti litsate uti, thupi lili kale m'kuvina.

Lachitatu magetsi anathima mpaka masana. Chikumba cha ng'oma chinali chitafooka ndi chisanu, choncho tinasonkha mbaula panja. Madala ankaiwamba pang'onopang'ono, kuitembenuza, kuigogoda ndi chala, kumvetsera, kuibwezanso kumoto. Tili pomwepo nkhani inagwera pa Zamrock, rock ya ku Zambia. Anyamatawo ankaganiza kuti kusakaniza rock ndi zakwathu ayamba ndi iwo, osadziwa kuti m'zaka za m'ma 1970 magulu ngati WITCH ndi Amanaz anali atachita kale. Mtsikana uja anawakumbutsa kuti mu 2024 woimba rap wa ku America Tyler, the Creator anatapa chidutswa cha nyimbo ya Paul Ngozi wa Ngozi Family uja n'kuchiika mu nyimbo yake, mawu a Chinyanja n'kumveka dziko lonse. Anangoti kukamwa yasa.

Lachinayi ndinatsala ndekha kusakaniza mawu. Besi ndi ng'oma yaikulu zinkaphana, zonse zikufuna malo amodzi apansi. Ndinachepetsa kunenepa kwa besi, ndinachotsa kulira kwa ampu (chokuzira mawu a gitala), ndinasalaza paliponse pokhakhala. Nyimboyo inamveka yoyera, ndipo ndinadzitama mumtima.

Atabwera Lachisanu anamvetsera mwakachetechete mpaka kumapeto. Woimba besi anakanda mutu.

"Achimwene, mwaichapa kwambiri. Yasanduka ya paukwati."

Zinandiwawa, koma sananame. Ndinabwezeretsa zomwe ndinataya: kukhuluza kwa zingwe, mpweya wa woimba asanayambe mzere, ngakhale chifuwa cha madala chomwe maiki inatola kumayambiriro. Ichi anachikondetsetsa, akuti chisachoke.

Tisanatseke tinaiyesa pa sipika ya foni, poti anthu ambiri adzaimvera pamenepo. Gitala inali mbee, mawu ali bwino, koma ng'oma yaikulu inasowa ngati sinajambulidwe n'komwe. Ndawauza abwerenso mawa 8 koloko, ndipo madala ndawapempha asakwere basi ya ku Mangochi kaye.