Kachitseko kamene kanandidyera mafuleksi atatu

Miyezi inayi ndikuphunzira kukonza mafoni ndi malaputopu pa kashopu kena kufupi ndi Katondo Street ku Lusaka, koma dzulo m'pamene mutu wanga unatseguka pa nkhani ya mafuleksi, timawaya tophwatalala ngati lamba tolumikiza zigawo za m'kati mwa foni kapena laputopu. Zoyamba ndi kuchotsa batire sindinenapo, nonse mukuzidziwa.

Vuto langa linali kukoka. Ndinkayesa fuleksi iliyonse imazuka ngati chaja. Pa konekita (polowetsa fuleksi) ya mtundu wa ZIF, imene fuleksi imalowa ndi kutuluka popanda mphamvu, ngati ija imagwira kiyibodi ya laputopu, pali kachitseko kakang'ono, kakuda kapena kabulawuni. Ukakatukula ndi chikhadabo, fuleksi imangosololoka yokha, osalimbana nayo. Timano ta mkatimo nthawi zambiri timatalikirana 0.5mm basi, ndiye ukakoka kachitseko kali kotseka, umakanda fuleksi kapena kuthyola kachitsekoko, ndipo kakathyoka wayamba ntchito ina imene mwini wake sanakutume. Fuleksi ikakana kutuluka, ndiye kuti penapake mpotseka. Ndinakhala pampando ndikungotsegula ndi kutseka konekita ya bodi (thabwa lokhala ndi tizida tamagetsi) yakufa, mwina kakhumi, ndikuseka ndekha.

Zolumikizira zapabodi ya foni zija zimachita kudinikizidwa n'zina. Umazitukula molunjika m'mwamba, ndipo pobwezera uyenera kumva kaye ndi chala kuti yakhala m'malo mwake usanakanikize. Ukafulumira wapinda timano.

Ine chikhadabo ndimachikhulupirira kuposa tizida tapulasitiki tonse ta m'bokosi. Chimamva. Anzanga amati tsiku lina ndidzagwetsa nacho kakapasita, kachida kakang'ono kamagetsi ka pafupi ndi konekita, koma mpaka pano sichinandinamizepo.

Chimene chikundiwawa n'chakuti amudala amene amandiphunzitsa sanandiuzepo zimenezi. Amangoti "chotsa fuleksi iyo, mwana wanga", manja awo n'kuthamanga ngati akusenda nthochi, makasitomala ali pamzere, magetsi azima nthawi ina iliyonse. Ufunse liti? Pa iPhone 5s ndinadula fuleksi ya batani la kumunsi kwa sikirini chifukwa sindinkadziwa kuti ndi yaifupi ndipo umaimasula sikirini usanaitukule kwambiri. Tinaika batani lina, koma Touch ID, yotsegulira foni ndi chala, sinabwerere, poti batani lililonse limamvana ndi bodi yake yokha. Sabata imeneyo ya nkhomaliro ndinaiwala.

Mawa pali iPhone X yofuna sikirini, ndipo fuleksi ya sipika ya kukhutu, imene Face ID (yotsegulira foni ndi nkhope) imadalira, iyenera kusamutsidwa yamoyo. Ilibe kachitseko, yamatidwa ndi guluu. Kaya manjawa sanjenjemera, kaya amudala andilola n'komwe kuigwira.