Kafyuzi kamodzi kanandidyera tsiku lonse ku Tete

Pawa sapulai yanga ndinaipanga ndekha ndi thiransifoma ya wailesi yakale, madayodi anayi, kapasita ndi LM317 (kachipangizo kowongolera mavoti), kuti ndiziyesera mawailesi amene anthu amandibweretsera kuno ku Ulongwe. Mavoti ankatuluka bwinobwino. Zinavuta nditafuna kudziwa ma ampu amene wailesi ikukoka.

Ndinalowetsa waya wofiira wa mita yoyezera magetsi pabowo la mA (loyezera ma ampu ochepa) n'kugunditsa pa pulasi ndi mainasi ngati ndikuyeza mavoti. Mita inangoti zii, ziro basi. Fyuzi ya 200mA ya m'kati inali itapsa. Ma ampu sayezedwa choncho abale. Mumadula waya umodzi wopita ku wailesi, mita n'kukhala pakati kuti magetsi adutsire mwa iyo. Mukagunditsa mbali zonse ziwiri, mwapanga shoti. Ndipo mukamaliza bwezerani waya wofiira pabowo la V.

Kafyuziko ndinakasowa kwathu kuno. Ndinalawirira chapa (minibasi) yopita ku Tete, kudutsa Mussacama ndi Moatize, kuwoloka mlatho wa Samora Machel dzuwa lili paliwombo, kutentha kwa ku Tete mukukudziwa. Shopu yoyamba akuti bwana apita kukadya, ndidikire. Ndinadikira maola awiri. Atabwera anandipatsa fyuzi ya galimoto ya 10A, akuti fyuzi ndi fyuzi. Mnyamata wina akuti ingokulungani kawaya. Kawaya! Ndiye tsiku lina ipse mita yonse? Ndalama ya chapa inaposa mtengo wa mita yatsopano, ndipo ndinabwerera usiku wopanda fyuzi.

Chimene chinandipulumutsa ndi rezisita ya 0.1 ohm, 5W, yoyera yamakona anayi ija, imene ndinaichotsa mu ampulifaya yakufa yomwe inali pansi pa tebulo langa nthawi yonseyi. Ndinaiwotcherera pawaya wa mainasi wotuluka. Tsopano mita imakhala pa 200mV, ndimangoyeza mavoti mbali ziwiri za rezisitayo n'kudziwa ma ampu: 100mV ndiye 1A, 30mV ndiye 300mA. Palibenso chodula waya.

Ndayiwala kunena, bowo la 10A ndikanatha kuligwiritsa ntchito, koma pa timita totchipati nthawi zambiri lilibe fyuzi, ndiye ndimaliopa. LM317 nayo malire ake ndi 1.5A ndipo imatentha, imangireni pachitsulo cha aluminiyamu.

Waya wofiira uja, bwezerani pa V mukangomaliza. Ine bowo la mA ndalimata ndi tepi.