Chinkhwe cha malume ndi mtedza wa m'thumba mwanga

Malume atasamukira ku Blantyre chaka chatha, anandisiyira chinkhwe chawo. Masiku oyambirira chinkangondiluma. Ndikalowetsa dzanja m'khola, chala chinkatuluka magazi, ine n'kukalipa, osadziwa kuti kukalipako kukungochiwonjezera mantha.

Ndinasintha njira. M'mawa uliwonse, dzuwa la kuno ku Mangochi lisanayambe kuswa mtengo, ndimakhala pakhonde ndi tizidutswa ta mtedza m'thumba. Poyamba ndinkangoyandikitsa kamtengo. Chikangokagunda ndi mlomo, ndimati "Eya!" n'kupereka kachidutswa pomwepo. Ukachedwa ngakhale pang'ono, mbalame sidziwa chomwe wayiyamikira. Chikaluma sindinena kanthu, ndimangobweza dzanja mwakachetechete, mtedza osapereka. Mphindi 5 basi, chisanatope.

Sabata yachitatu chinaponda chala changa ndi phazi limodzi, n'kuima kaye, kenako linalo. Ndinamva zikhadabo zikundigwira, kathupi kopepuka kakunjenjemera. Ndinaitana chapansipansi kuti, "Amayi, tabwerani mudzaone," ndipo anaima pakhomo chipande chili m'manja, akumwetulira.

Mtedzawo ndimasankha ndekha umodziumodzi, chifukwa wachuku umadwalitsa mbalame, ndipo wothira mchere sindipereka. Uli ndi mafuta ambiri, ndiye ndimausungira nthawi yophunzira yokha. Mapeyala ndiye ayi ndithu, ndi poizoni kwa zinkhwe, ndipo ana apakhomo pano ndinawauza mobwerezabwereza. Kuchimana chakudya kuti chimvere chifukwa cha njala, zimenezo sindingachite.

Dzulo ndinangoimba likhweru, icho n'kuuluka kudzatera paphewa panga.