Mmene tinagawira ulamuliro wa makina pa chigayo chathu

Chigayo chomwe ndimagwirako ntchito chili ku Heavy Industrial Area muno mu Lusaka, ndipo kale makina onse ankamvera PLC imodzi, kakompyuta kolamulira makina. Mawaya ochokera kosefera chimanga, konyowetsera, ku ma roller (makina ogaya chimanga) ndi kolongedzera matumba a makilogalamu 25 ankathera m'kabati imodzi. Zinali ndi ubwino wake: pulogalamu imodzi, vuto ulifunafune malo amodzi. Koma mu 2024, madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba chifukwa cha chilala, magetsi ankazimazima, ndipo PLC ija ikangodzidzimuka posinthira ku jenereta, fakitale yonse inkaima, chimanga chonyowa chili m'njira.

Ndinayamba ndi kope ndi cholembera. Ndinayenda mzere wonse, pa makina aliwonse ndikudzifunsa kuti, chinthu chikalakwika pano, tingadikire nthawi yaitali bwanji? Lamba wa elevator (makina okweza chimanga m'mwamba) akayamba kuterereka kapena beyaringi ikatentha, mota iyenera kuima pompo, chifukwa fumbi la ufa limaphulika likakumana ndi moto. Zoterezi ndinazilemba tsamba lakelake. Tsamba lina linali la zomwe zingadikire, monga matumba angati a ufa wa breakfast ndi angati a ufa wa roller omwe tigaye lero.

Za tsamba loyamba zija tinazipereka kwa ma PLC ang'onoang'ono, gawo lililonse yakeyake, m'kabati yoyandikana ndi makinawo, ili ndi UPS yake, batire yoithandiza kuti isazime magetsi akazima. Masensa, tizipangizo toyezera, tinasiya omwewo a 4-20 mA, omwe amatumiza muyeso ngati magetsi a pakati pa 4 ndi 20 mA. Ndimawakonda chifukwa nkhokwe ikatha mumawerenga 4, koma waya ukaduka mumawerenga 0, ndiye mumadziwiratu kuti vuto ndi waya, osati nkhokwe yatha.

Pomwe panatituluka thukuta ndi pophunzitsa magawowa kulankhulana. Kolongedzera kukadzaza, ma roller ayenera kudziwa, apo ayi ufa usefukira pansi. Tinawalumikiza ndi Modbus TCP, chilankhulo cha makina choyenda pa netiweki, ndipo sikelo yathu yakale, yomwe imayankhula Modbus pa mawaya a mtundu wina otchedwa RS-485, tinaipezera gateway, kabokosi kolumikiza ziwirizi. Kenako PLC iliyonse tinaiuza kuti izitumiza kachizindikiro kwa inzake sekondi iliyonse. Kachizindikiroko kakasowa, gawo lakumtunda limaleka kuthira chimanga, lakumunsi limapitiriza mpaka zomwe zili m'njira zitatha. Poyatsa timayambira kumapeto kubwerera m'mbuyo, pozimitsa timayambira kothirira.

SCADA, pulogalamu ya pa kompyuta yoonera fakitale yonse, inatsala m'chipinda choyang'anira, kuonetsa zonse, kusunga mbiri ndi kutumiza dongosolo la tsikulo. Mkulu wa fakitale atamva zimenezi anandifunsa kuti, "Nanga ineyo ndizilamula chiyani?" Ndinati, "Abwana, zoti tigaye chiyani ndi zochuluka bwanji zizichokerabe kwa inu. Koma pa ngozi makina asamadikire chilolezo."

Musaganize kuti ntchito inachepa. Tsopano ndimasamala mapulogalamu angapo, ndipo iliyonse ndikaisintha ndimasunga kope lake ndi deti. Ndinaumiriranso kuti ma PLC onse akhale a mtundu umodzi, kuti sipeya imodzi izikwana paliponse.

Mayeso omaliza tinachita Lamlungu. Tinayendetsa mzere wopanda kanthu kaye, kenako ndi chimanga, ndipo ndinazula dala waya wa netiweki pakati pa ma roller ndi kolongedzera. Kothirira kunatseka, ufa womwe unali m'njira unafika m'nkhokwe, ndipo mnzanga wa pa sikelo anamaliza kusoka matumba ake. Tinabwezera waya uja, n'kukazulanso wa gawo lotsatira.