Seva yathu inabwerera ku 2010

Pa ofesi yathu ku Area 4 ine ndi "wa makompyuta", ngakhale ketulo ikafa amaitanabe ine. Ntchito imene ndinkadzitama nayo inali ya backup, yosunga makope a mafayilo kuti akatayika tiwabwezeretse. Cron, pulogalamu yoyambitsa ntchito pa nthawi yoikika, inkatuma seva, kompyuta yosunga mafayilo a ofesi yonse, 2 koloko usiku, n'kukopera mafayilo onse, kenako n'kufufuta makope opitirira masiku 7. Ndinkagona tulo tofa nato.

Tsiku lina magetsi anathima, UPS, bokosi la batire lothandiza seva magetsi akathima, inalira kawiri n'kutsirizika. Atayaka cha m'ma 9 koloko m'mawa seva inadzuka bwinobwino, ine n'kupita kukasaka mandasi. Sindinadziwe kuti kabatire kosunga nthawi, CR2032, kaja konga ndalama yachitsulo, kanafa kalekale. Seva inadzuka ikukhulupirira kuti ndi pakati pa usiku pa 1 Januwale 2010, Bingu akadali pampando.

Werengani nokha: 2 koloko usiku ya seva inasanduka 11 koloko m'mawa yathu. Ikangokwana, backup inkayamba ofesi yonse ili pantchito, makompyuta n'kumayenda ngati minibasi ya ku Kawale yodikira wokwera womaliza.

"Achimwene, makinawa amadwala chiyani 11 koloko iliyonse?" anafunsa amayi a ku akaunti.

"Ndi netiweki, mayi," ndinatero mopanda manyazi.

Odziwa zinthu afunsa kuti nanga NTP, njira yokonzera wotchi ya kompyuta kudzera pa netiweki, inali kuti. Inalipo. Koma pulogalamu yake, ntpd, ikapeza kuti wotchi yasemphana ndi masekondi opitirira 1000, imangodzitseka osakonza kanthu. Yathu inasemphana ndi zaka zoposa khumi.

Patatha milungu iwiri ndinaona foda yolembedwa 2010-01-14. Ndinathamangira ku Old Town kwa anyamata okonza mawotchi, ndinagula kabatire, ndinakonza nthawi, ndipo ndinauzako bwana kuti ndagwira vuto lalikulu lisanatilume. Anandigwira chanza.

Usiku umenewo, 2 koloko yeniyeni, seva inagwira ntchito yake mokhulupirika. Makope onse a milungu iwiriyo anali ndi deti la 2010, ndiye inawaona ngati nkhalamba, n'kufufuta. Aja akale a magetsi asanathime, amene inkawasiya poganiza kuti ndi a m'tsogolo, tsopano anali atapitirira masiku 7. Nawonso inasesa. Linatsala kope limodzi lokha, la usiku womwewo.

M'mawa amayi aja anafika pa tebulo langa akumwetulira.

"Achimwene, dzulo ndasokoneza fayilo ya malipiro n'kusevanso. Mundibwezere ya Lachisanu, si munati makina anu amasunga zonse?"

Ndinatsegula foda, ndinaitseka, n'kutsegulanso, ngati mphika wa ndiwo umene ukudziwa kale kuti ana anyambita.

"Mayi, mapepala a mwezi wathawu mukadali nawo?"

Anali nawo, mabokosi awiri. Loweruka lonse ndinakhala ndikutaipa malipiro a anthu, iwo atakhala pambali panga akukukuta chimanga chootcha, n'kumafunsa apo ndi apo kuti netiweki lero ikuyenda bwanji.